Feteleza wa a Mphakati

Kumudzi kwathu amaganiza kuti munthu akayamba kuphunzitsa ku yunivesite ndiye kuti wafika, chatsala n'kunenepa. Sadziwa kuti kumeneko timakhalira kupempha. Malipiro amabwera ndithu, koma ndalama zochitira kafukufuku yunivesite ilibe. Zimachokera ku mabungwe akunja amene amalengeza pa intaneti kuti ali ndi thandizo, ofuna alembe mapempho. Chilengezo chikangotuluka, m'maofesi mumati zii. Wa zamankhwala amatseka chitseko chake, wa mbiri yakale chimodzimodzi, ndipo wa masamu, amene chaka chonse sakupatsa moni, amayamba kukusekerera kuti umuwerengereko zimene walemba. Tonse timalimbirana fupa limodzi. Pakapita miyezi kumabwera yankho laulemu lija lakuti pempho lanu linali labwino kwambiri, kungoti opempha anachuluka. Mayankho oterewa ine ndinalandira ambiri, moti ndinkadziwa kuti andikana ndisanamalize kuwerenga moni.

Ndimaphunzitsa za nthaka. Digiri yachiwiri ndinali nayo, koma yachitatu, ija munthu amatchedwa nayo dokotala ngakhale jakisoni sadziwa kubaya, inandikanika chifukwa chosowa wondilipirira. Popanda imeneyo sukwera. Umakalamba ukuphunzitsa a chaka choyamba, ndipo ana amene unawaphunzitsa wekha amapita kunja n'kubwerako ali mabwana ako. Zimenezi zinkandiwawa, sindibisa.

Chaka china kunatuluka chilengezo chimene chinandikhazika tsonga. Bungwe lina linkafuna ofufuza achinyamata a maphunziro alionse. Chaka choyamba linkapereka kangachepe kuti munthu aonetse ngati maganizo ake ali ndi mutu. Amene zotsatira zawo zaoneka bwino ankawatenga zaka zitatu, kuwalipirira kafukufuku yense mpaka digiri ya udokotala. Koma panali malire a msinkhu, ndipo ine unyamata umene ankaunenawo ndinali nditaima pakhomo potulukira. Chaka chotsatira sindikanaloledwanso kulemba. Ndinalemba ndi mtima wonse, ndipo yankho litabwera ndinaliwerenga mobwerezabwereza kufunafuna mawu akuti koma. Munalibe. Anali atanditenga pa chaka choyambacho.

Maganizo anga sanali ovuta. Feteleza wakwera mtengo mpaka alimi ambiri amangomuonera m'sitolo. Ndinkafuna kuona ngati manyowa a ziweto osakaniza ndi phulusa ndi gaga, n'kuikamo feteleza pang'ono chabe, angabereketse chimanga pa nthaka yoguga. Kuti munthu adziwe zimenezi amadula munda m'zigawo zing'onozing'ono. Zina amathira feteleza wokwanira, zina manyowa aja, ndipo zina sathira kanthu n'komwe. Zosathira kanthuzi ndiye mwini nkhani, chifukwa zina zonse zimayerekezedwa ndi izo. Popanda izo ungakolole ngolo zodzaza, koma sunganene kuti chabereketsa n'chiyani.

Ndalama za chaka choyamba zinkangokwanira munda umodzi, ndipo sindinaganize kawiri. Munda wa amayi, kupitirira Nsaru njira ya ku Kabudula, unali wotopa monga mmene ndinkafunira. Bambo ali moyo anaulima fodya zaka zambirimbiri, atamwalira amayi anangopitiriza chimanga pa chimanga. Mundawu sunafune lendi, komanso mlonda wake anali munthu amene sakanandinamiza. Ndinakwera minibasi mpaka pa Nsaru, n'kutenga kabaza, zikhomo ndi zingwe nditamanga kumbuyo.

Titamaliza kuyala zigawo ndinawatenga amayi n'kuyenda nawo mzere ndi mzere.

"Amayi, paliponse pali zikhomo zofiira musathirepo kanthu. Kupalira palirani, kubandira bandirani, koma feteleza ayi, manyowa ayi, ngakhale phulusa la m'khitchini."

"Ndiye chidya chiyani chimangacho?"

"Sichidya kanthu. Chikuyenera kuvutika kuti tione kusiyana."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana zikhomo zija.

"Kubzala chimanga dala kuti chivutike. Sukuluyi ili ndi zambiri eti."

Komabe anabwereza zonse mmene ndinanenera, osalakwitsa. Ndinawalonjeza kuti chimene chidzaperewere pokolola ndidzawagulira, iwo anati zimenezo si nkhani. Kenaka ndinakhoma chikwangwani. A bungwe analamula kuti paliponse pamene thandizo lawo likugwira ntchito pakhale chikwangwani chokhala ndi chizindikiro chawo, ndipo ine ndinachiika poonekera, m'mbali mwa njira imene imadutsa kumutu kwa mundawo. Njira imeneyo ndi yomwe mudzi wonse umadzera popita kutchalitchi.

Mvula inagwa bwino, mbewu zinamera bwino. Nditapitako kumayambiriro kwa Januwale, mtima wanga unadzaza. Zigawo za feteleza zinali zobiriwira, za manyowa zikutsatira pafupi, ndipo za zikhomo zofiira zinali zachikasu, zoonda, zofupika, zitamwazika m'munda monse ngati zigamba pa chitenje. Sindikudziwa ngati m'boma lonse la Lilongwe munali munthu wina amene anakondwerapo chonchi poona chimanga chodwala. Ndinajambula zithunzi pafoni mpaka batire linatha.

Linali Lamulungu, anthu akuchokera kutchalitchi. Ambiri ankaima, kuwerenga chikwangwani, kuyang'ana munda, n'kupitirira akunong'onezana. Amene anapatuka kudzandipatsa moni anali amayi anga a ubatizo, omwenso ndi wapampando wa mphakati wathu. Kwa amene si Akatolika, mphakati ndi mabanja oyandikana amene amapemphera limodzi m'makomo mosinthana, n'kumaonana pa matenda, pa maliro ndi pa njala. Wapampandoyu ndi mayi wojintcha, wamawu aakulu, amene akaganiza zothandiza munthu sapempha chilolezo.

"Mwana wathu, mwatibweretsera munda wachitsanzo, tathokoza," anatero. "Koma kodi apa ndi apo pachitika chiyani? Feteleza anakutherani panjira eti?"

Ndinaseka n'kuwafotokozera zonse, za kuyerekeza, za zikhomo zofiira, kuti chikasucho n'chadala, ndiponso kuti a bungwe adzabwera kudzaona. Ankagwedeza mutu ndikulankhula.

"Tamva, mwana wathu, tamva. Zinthu zavuta kulikonse, ngakhale kutauni."

Ndinati ayi, si kuvuta, ndi mmene kafukufuku amayendera. Anandisisita paphewa n'kunena kuti Mulungu ndi wabwino. Minda yachitsanzo imene anthu akwathu amaidziwa ndi ija ya alangizi ndi ya ogulitsa mbewu, yokhala m'mbali mwa msewu, chimanga chake chakuda bii, chikwangwani chili patsogolo kudzitama. Chikwangwani choima pa chimanga chofwifwa anali asanachionepo.

Nditabwerera kutauni ntchito inandimanga. Kunali mayeso, mapepala ochonga atadzaza tebulo, ndipo mvula inakula mpaka njira ya kwathu inasanduka phala, akabaza akukana kupitako. Ndinkaimba foni.

"Amayi, kumunda kuli bwanji?"

"Kuli bwino."

"Zikhomo zilipo zonse?"

"Zilipo. Udzaona wekha ukabwera."

Amayi pafoni sachulutsa mawu, amati mayunitsi ndi a mwini. Choncho sindinakayike kanthu.

Mu Febuluwale a bungwe anatumiza munthu wodzaona ntchito za onse amene analandira thandizo la chaka choyamba. Anali bambo waulemu wa ku dziko lina la mu Afirika momwemuno, wovala magalasi, Chichewa osamva ngakhale moni. Tinanyamuka pa galimoto ya yunivesite, iyeyo, ine, ndi a pulofesa oyang'anira gawo lathu, munthu wachikulire amene mawu ake amatuluka mowerengeka. Njira yonse ndinkalankhula ndine. Ndinamuonetsa mlendoyo zithunzi za mu Januwale, iye n'kumati kusiyana kotere sikuonekaoneka, ndipo ngati kungapitirire mpaka pokolola, komiti sidzavutika kuganiza. Ndinayamba kudziona ndili m'ndege. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma tsiku limenelo mwambiwu sunandifike.

Galimoto inaima pa chikwangwani. Ndinatsika msanga kuti nditsogolere, ndipo ndinangoti kakasi.

Poyamba ndinaganiza kuti dalaivala waima pa munda wa eni ake. Koma chikwangwani chinali changa, mtengo wa mango wa kumalire unali womwewo. Chimanga chinali chitatalika kundipitirira, chakuda bii kuyambira kunjira mpaka kudambo, masamba onenepa, ngaiyaye zikutuluka. Chigamba chachikasu panalibe ndi chimodzi chomwe. Ndinalowa m'mizere ndikukankha masamba, kufunafuna zikhomo. Ndinachipeza chofiira choyamba chili chilili pamalo pake, ndipo pambali pake panaima phesi lonenepa ngati dzanja langa. Ndinathamangira china, chimodzimodzi. Ndinagwada n'kufukula patsinde ndi zala, ngati kuti nthakayo indiuza kuti ndikulota.

Mlendo uja anandipeza momwemo. Anafunsa mwaulemu kuti zigawo zosathira kanthu zija zili mbali iti.

Ndinati waima pa chimodzi mwa izo.

Anayang'ana chimangacho kuchokera pansi mpaka kunsonga, n'kuyang'ana ine. A pulofesa anathyola tsamba, kulipinda, n'kuliyang'anitsitsa. Iwo anali atadziwa kale chimene ine mutu wanga unkakana.

Tili choncho tinamva nyimbo ikuchokera kumudzi. Titatuluka m'munda tinaona gulu likubwera m'njira, amayi atavala zitenje za kutchalitchi, abambo angapo kumbuyo, wina atanyamula nkhuku, wina dengu la maungu. Patsogolo panali amayi anga a ubatizo. Amayi ondibereka anali kumapeto kwenikweni, akuyenda ngati apita ku mlandu. Nyimbo itatha anatikhazika pa mipando imene anabwera nayo, pansi pa mango paja, ndipo wapampando anaimirira. Anandikodola kuti ndiime pambali pawo ndizimasulira, popeza mlendo samva.

"Alendo athu, takulandirani ndi manja awiri. Mwana uyu ndi wathu, ine ndemwe ndinamunyamula pa ubatizo. Atatibweretsera munda wachitsanzo tinanyadira."

Ndinamasulira. Mawu anga ankamveka ngati a munthu wina.

"Koma tinaona kuti feteleza wamuperewera. Mizere ina ikufa, chikwangwani chanu chili pomwepo, aliyense wopita kutchalitchi akuona. Iye mwini, poti ndi mwana waulemu, anabisa, anati n'zadala. Ife tinakhala pansi kumphakati, tinati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Mayi ake ndi amasiye, mwana wayesetsa, alendo akubwera, ndiye tingoyang'ana? Aliyense anatapa m'thumba mwake. Wina mbale, wina kapu, ena anatapa wa fodya amene. Loweruka lina m'mawa tinabwera tonse n'kuthira paliponse pamene panafooka. Lero mwaona nokha. Mukabwerera mukanene kuti kuno mwana sitimuchititsa manyazi."

Anthu anaomba m'manja, mayi wina analuluta. Kenaka onse anatembenukira kwa ine kudikira kuti ndimasulire.

Sindinayambe ndaonapo munthu akupatsidwa ntchito yolengeza yekha maliro ake, koma ndi imene ndinapatsidwa tsiku limenelo. Maganizo akuti ndingonena kuti akukulandirani, akuthokoza thandizo, anandifikira ndithu. Koma a pulofesa Chichewa ndi chawo, anali atamva zonse, maso ali pa nsapato zawo. Komanso munda unali pomwepo ukuchitira umboni. Ndinamasulira mawu onse, mbale, kapu, wa fodya, osasiyako. Ndikulankhula, amayi a mphakati ankamwetulira, kunyadira kuti mwana wawo Chingerezi chimangotuluka ngati madzi.

Mlendo anavula magalasi. Anayamba kuseka pang'ono, koma ataona nkhope yanga analeka. Anandipempha kuti ndifunse ngati alipo amene akukumbukira kuti mzere uti unalandira wochuluka bwanji, ndiponso wa mtundu wanji. Ndinafunsa, ndikudziwa kale yankho.

"Aa, tinkangoona ndi maso," anatero wapampando. "Pofooka kwambiri tinkawonjezera. Mitundu tinasakaniza m'beseni limodzi kuti pasakhale kukondera. Ndi pa manyowa panu paja tinawazapo pang'ono, panali pasanafike bwino."

Ndinali ndikuganiza kuti mwina zigawo za manyowa zapulumuka, ndingathe kuziyerekeza ndi za feteleza n'kupeza kanthu kolemba. Nazonso zinali zitapita. Chaka chonse cha kafukufuku chinali chitasanduka munda wabwino wa chimanga, basi.

Mlendo anaimirira n'kuthokoza anthuwo mwaulemu, ine ndikumasulira. Nkhuku analandira, maungu analowa m'galimoto. Pokwera anandigwira dzanja n'kunena kuti wayenda m'maiko ambiri kuona minda yoyesera yowonongedwa ndi ng'ombe, akuba ndi chilala, koma yowonongedwa ndi chifundo anali asanaionepo. Anati adzafotokoza zimene waona, ngakhale kuti komiti imawerenga zotsatira. A pulofesa anangoti, "Tsalani, mukalankhule ndi mayi anu. Tikaonana Lolemba."

Gulu litabalalika ndinawapeza amayi pakhonde akusadzula nkhwani. Sindinakhale pansi.

"Amayi, ndinakuuzani kapena sindinakuuzeni?"

"Unandiuza."

"Ndiye simunamve?"

"Ndinamva. Pa zikhomo zofiira pasathiridwe kanthu, ngakhale phulusa."

Ichi chinandidabwitsa kuposa munda uja. Njira yonse kuchokera pa mango ndinkadziuza kuti mayi wokalamba sanamvetse, kapena anthuwo anabwera iwo kulibe. Ndinali nditakonzeka kukhululukira kusadziwa.

"Tsono munali kuti pamene ankathira?"

"Ndinali pompo. Atamaliza ndinawatungira madzi osamba m'manja."

Ndinakhala pansi osafuna. Iwo anapitiriza kusadzula, osandiyang'ana.

"Anafika m'mawa, mbale zili pamutu, akuimba. Ndinawauza kuti mwana anati pasathiridwe kanthu. Anati amayi, umphawi sabisa, tonse tikuudziwa. Ndinabwerezanso, anandiseka. Ena mwa iwo feteleza wawo sanakwane m'minda mwawo, ndikuwadziwa. Atapa pa wosakwanayo n'kubwera naye pakhomo panga. Ndiye iwe umafuna ndichite chiyani? Ndiime panjira ndiwabweze ndi mbale zawo?"

"Inde, amayi. Mukanawabweza."

Apo anaika nkhwani pansi.

"Munthu wobweza mbale m'mudzi muno amadziwika, ndipo sabweza kawiri, chifukwa sizibweranso. Bambo ako atamwalira iwe unafika zonse zili m'malo, nkhuni zilipo, ufa ulipo, anthu ali m'nyumba akuimba. Unaganiza kuti zinagwa kumwamba? Mawa iwe ukwera njinga ubwerere kutauni. Ine ndikagwa pano, wondinyamula kupita nane kuchipatala cha mishoni ndi omwewa."

"Bwanji osandiimbira foni tsiku lomwelo?"

"Ndikanakuimbira ukanadzamutola fetelezayo m'nthaka?"

Ndinawauza kuti sakudziwa chimene chawonongeka. Ndinati si chimanga, ndi sukulu yanga, mwayi wotsiriza, ndipo msinkhu sundilolanso kupempha. Ndinalira, kulira kwaukali, kosapempha kutonthozedwa.

"Za msinkhuzo sunandiuze," anatero amayi motsitsa mawu. Kenaka anati, "Kaya, mwina alendowo sadzaona choipa. Chimanga chabereka."

Nditabwerera ndinayesa zonse zimene munthu angayese. Ndinatenga nthaka ndi masamba kukapima, kuti mwina ndisiyanitse chimene ndinathira ine ndi chimene anathira a mphakati, koma zinali zosokonekera. Ndinalemba lipoti loona, zithunzi za mu Januwale ndinaikamo, n'kupempha kuti andipatse dzinja lina ndibwereze pa munda wakutali ndi kwathu. A pulofesa anawonjezerapo mawu awo, ochuluka kuposa amene ndinawamvapo akulankhula ndi pakamwa. Mnzanga wina wa mu ofesi anandinong'oneza kuti manambala sakuwa, munthu ukhoza kuwakonza pang'ono potengera zithunzi zija. Ndinamuuza kuti atuluke.

Yankho linabwera anthu atayamba kukolola. Linali laulemu kwambiri. Anati nkhani yanga yawakhudza, kuona mtima kwanga akuyamikira, koma gawo lachiwiri limaperekedwa poona zotsatira, ndipo malamulo salola kubwereza chaka choyamba. Anandilimbikitsa kuti ndidzalembenso pa chilengezo chotsatira ngati ndikukwanira pa zofunika. Zofunikazo tonse tinkazidziwa. Ndinatseka kompyuta n'kupita kukaphunzitsa, chifukwa ana anali akudikira m'kalasi.

Pasanapite nthawi amayi anaimba okha, chinthu chimene sachitachita. Anati munda uja wabereka kuposa zaka zonse chimwalirire bambo, nkhokwe yadzaza, china aika m'matumba. Anati mapemphero a mphakati sabata imeneyo ali kwa amayi anga a ubatizo, ndipo sizingatheke kuti anthu athandize chonchi mwini ntchitoyo osabwera kudzathokoza. Anthu ayamba kale kufunsa. Ndinafuna kukana. Ndinatsegula pakamwa, koma ndinadzimva ndikufunsa kuti ndibwere ndi chiyani. Anati shuga ndi mchere zikwanira.

Za yankho lija ndinawauza tili m'njira, tikupita kumapempheroko, iwo patsogolo atasenza dengu la chimanga, ine kumbuyo ndi jumbo. Tinali tikudutsa minda ya anthu, mapesi ataimikidwa m'mikukwe. Ina mwa mikukweyo inali yaing'ono momvetsa chisoni.

"Amayi, a bungwe aja anayankha. Andikana."

Anaima, osatembenuka.

"Chifukwa cha munda uja?"

"Eya."

"Ndiye udokotala uja?"

"Wapita."

Anakhala chiimire, dengu lili pamutu. Ndinadikira kuti anene kuti pepa, kapena adziteteze monga tsiku lija, kuti ndipeze poyambira kukalipa. Sananene chilichonse mwa izi.

"Kumeneko usakanene," anatero. "Anthuwa anadzimana."

Tinafika anthu atakhala kale pamphasa. Anawerenga Mthenga, anapempherera odwala, anakambirana za denga la mayi wina limene linagwa ndi mvula. Kenaka wapampando anati mwana wathu wa ku yunivesite ali ndi mawu. Ndinapita kutsogolo, ndinagwada monga amachitira mwana wamkazi pamaso pa akulu, n'kuika shuga ndi mchere pambali pa dengu la amayi. Ndinayang'ana nkhope zija. Panali mayi wina amene mikukwe yake tinaidutsa m'njira, mwana ali kumsana, akundimwetulira ndi mtima wonse. Ndinali ndi mkwiyo wokwanira mudzi wonse, koma ndinasowa woupatsa.

Ndinathokoza. Ndinati zimene munachita sindidzaiwala moyo wanga wonse, ndipo sindinaname. Anaomba m'manja.

"Kupatsa n'kuika, mwana wathu," anatero wapampando. "Koma chaka chamawa musadzabisenso. Mudzatiuze mvula isanagwe, tidzasonkhe nthawi ilipo, tidzathire ndi feteleza wokulitsa yemwe. Alendo aja akubweranso eti?"

Ndisanayankhe, amayi anayankha ali pamphasa pomwepo.

"Sabweranso. Ntchito yawo inatha."

Anthu anati zikomo, yatha bwino. Wina anapempha kuti amayi ayambitse nyimbo yotsekera, popeza pa mphakati wathu mawu okweza nyimbo ndi awo. Amayi anatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Anayesanso, kenaka anakoka chitenje n'kuphimba kumaso. Anthu anayesa kuti ndi chimwemwe, ndipo mayi wa mwana kumsana uja anaiyambitsa m'malo mwawo. Ndinabwerera pamalo panga n'kukhala pafupi nawo, phewa langa litagunda lawo, ndipo tonse awiri sitinaimbe.